Dimba la M'malere la a Alufandika

Pa Nkhotakota pano munthu akafuna matimati amatsikira kudimba kapena amapita kumsika. Malemu a Alufandika okha ndiwo ankakwera masitepe. Dimba lawo linali m'malere, pakhonde la pamwamba pa shopu ya Mayi Fauzia, telala uja wa pamsewu wopita kudoko. Linali dimba la ndowa zothyoka zogwirira, zigubu zodula pakati, beseni limene kale linkasambitsa ana a eni ake, ndi ketulo imodzi yopanda mlomo. Kwa zaka ndithu dimbalo linkabereka chilichonse: masamba, maluwa, fungo, amphaka, milandu. Chimene silinkabereka ndi matimati.

Amene ankaidziwa bwino nkhaniyi ndi Mayi Fauzia, chifukwa ndiwo ankakhala kunsi kwake. Nyumbayo anawasiyira malemu amuna awo: pansi shopu ndi zipinda zawo, pamwamba kachipinda ka lendi ndi khonde loyang'ana kumsewu. Tsiku limene a Alufandika anabwera kudzafunsa kachipindako, mayiwo anaona bambo wachikulire, wochepa thupi, wa njinga ndi chikwama chimodzi, nati mumtima, uyu sandivuta. Mpaka lero akakumbukira amadziseka okha.

"Khondeli dzuwa limafika nthawi yanji?" anafunsa bambowo asanaone n'komwe pogona.

"Limafika likatuluka. Mukufuna chipinda kapena dzuwa?"

"Nanga likamachoka limayambira mbali iti?"

"Bambo, ine ndimasoka. Dzuwa sindiliyang'anira."

Ndiwo anali a Alufandika amenewo. Funso linkawatuluka ngati chifuwa, osatha kuligwira. Akakupeza panjira ankafuna adziwe chifukwa chake usipa wa mwezi uno waonda, chifukwa chake nyerere sizigwa pakhoma, ndi amene anayamba kuganiza zoti chinangwa chiziviikidwa. Ukadandaula ankangoti, "Safunsa anadya phula," n'kukufunsa lina.

Mbiri yawo Mayi Fauzia anaitola pang'onopang'ono, pakati pa mafunsowo. Kwawo kunali ku Phalombe. Anabwera ali mnyamata kudzathirira nzimbe kuesiteti ya shuga, nakwatira Dyna wa ku Malengachanzi, ndipo atasiya ntchito anakakhala kwa mkazi wawo monga mkamwini. Ana Mulungu sanawapatse. Dyna atamwalira, za maliro zitatha, alamu awo a Raston anawaitana nawasudzula mwaulemu wonse: mwatisungira mlongo wathu, zikomo, tsopano ndinu omasuka. Mawu amenewa amakoma m'khutu, koma tonse timadziwa tanthauzo lake. Munda ndi dimba zimatsalira mbumba, iwe umatenga njinga yako. Ku Phalombe anali atachokako kalekale, ndipo onse odziwa dzina lawo anali kumanda.

Chimene anatuluka nacho m'mudzimo ndi kansalu. Dyna ankasunga mbewu ya matimati ake pofinyira njere pachidutswa cha chitenje chakale n'kuchiyanika mpaka njerezo zitamatirira. Anali matimati aang'ono, a mizere ngati dzungu, amene simungawapeze m'mapaketi a kusitolo. Chidutswacho chinali chachikulu ngati mpango wa kumutu. Nthawi yofesa ikakwana, a Alufandika ankatsika kudzabwereka sizasi ya Mayi Fauzia, n'kudulako pang'ono, n'kukakwirira m'dothi nsalu ndi njere zomwe.

Dothi lenilenilo linafika pakabaza. Lina anakalitenga pachulu, lina m'mbali mwa mtsinje wa Bua, lina pansi pa khola la mbuzi, chifukwa ankafuna aone lomwe matimatiwo alikonde. Sadick wa kabaza ndiye ankalinyamula. Thumba la dothi linkakhala pakhushoni ngati bwana, a Alufandika akuthamanga pambali pake.

"Pang'onopang'ono, Sadick! Ulisokoneza!"

"Madala, dothi limachita chizungulire?"

"Unalifunsa?"

Mbewu zoyamba zinamera bwino, kenako zinafa zonse. Munthu amene wathirira nzimbe sadziwa kuthira madzi pang'ono. Kuesiteti amatsegula ngalande, madzi n'kuyenda mpaka munda wonse utang'anima. Kumudzi Dyna ankawadziwa amuna ake, ndiye ankawapatsa khasu, ndowa osailola m'manja mwawo. Tsopano popanda wowaletsa, a Alufandika ankathira mpaka mbewu zikusambira. Zitafota anazizula, nanunkhiza mizu, nainyamula kupita nayo kumsika kukafunsa amayi ogulitsa masamba. Mmodzi anangoyang'ana kamodzi.

"Ndowa zanuzo munazibowola pansi?"

Anabwerera kunyumba akuthamanga, natenga msomali ndi mwala. Anabowola ndi mtima wonse, monga ankachitira chilichonse. Mawa lake, mu Okutobala wa dzuwa loswa mtengo, kumwamba kulibe kamtambo ndi kamodzi komwe, mvula inagwa malo amodzi okha mu Nkhotakota yense: pakhomo pa shopu ya Mayi Fauzia, pomwe ankapachika zovala zomalizidwa.

Mayiwo anapirira. Anasuntha chingwe cha zovala, madontho anawatsatira. Anatchera beseni, a Alufandika anatsika kudzapempha madzi a m'besenimo kuti akathirirenso. Koma kenako bambowo anamva kwa msodzi wina kuti papaya wa pamalo potaya matumbo a nsomba amabereka mpaka kuthyoka. Tsiku lomwelo anakwera masitepe ndi jumbo yodzaza. Pasanathe sabata, amphaka a paboma ponse, ena ochokera kuchipatala, ena oti sanaonekepo chibadwire, anali atasandutsa khondelo bwalo la misonkhano. Fungo lake anthu odutsa ankaphimba mphuno akadali kumsika. Ndipo Lachinayi lina dontho lofiirira linatsika n'kutera pachifuwa penipeni pa mkanjo woyera wa shehe, umene unkayembekezeka kumzikiti mawa lake.

Mayi Fauzia mawondo awo ndi masitepe sizinkamwerana madzi, koma tsikulo anakwera ngati mtsikana, mkanjo uli m'manja.

"Wallahi, lero ndowa izi zitsika, apo ayi mutsika ndinu!"

A Alufandika anaulandira mkanjowo ndi manja awiri, nauyang'anitsitsa padzuwa.

"Pepani kwambiri, alandilodi. Koma taonani. Dontholi m'mphepete mwada kuposa pakati. N'chifukwa chiyani?"

Bambowo ataona kuti zafika poipa analowa m'chipinda natuluka ndi kansalu ka njere kaja. Anakatambasula pabondo n'kukasalaza ndi chikhatho.

"Ndi zokhazi zimene ndinatsala nazo za mayi akunyumba. Ndingofuna abereke kamodzi, mbewu isafere m'manja mwanga. Nsaluyi ikatha asanabereke, ndowa ndidzazitsitsa ndekha. Simudzachita kundiuza."

Telala sachita kufuna tepi kuti ayeze nsalu. Mayi Fauzia anaiyang'ana, naona kuti ndi madulidwe a bambowa siipitirira zaka zowerengeka. Anavomera, koma anati matumbo a nsomba achoke lero lomwe. Kuyambira pamenepo sizasi inkaperekedwa ndi nkhope yowala. "Dulani chachikulu, bambo," ankatero. "Mbewu siifuna kuumira."

Mwera utayamba mu Juni, mphepo ya kunyanja inathyola mbewu theka. Zotsalazo mbalame zinayamba kuzijompha. A Alufandika anasonkhanitsa maneti akale a udzudzu n'kuwalumikiza okha ndi singano. Mayi Fauzia ataona msoko wake anagwira mutu. Anati zoterezi sizingapachikidwe pamwamba pa shopu ya telala, anthu angayese wasoka ndi iwo. Anasomola zonse nasokanso bwinobwino, akung'ung'udza kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Khonde lonse linakutidwa, pamwamba ndi m'mbali, ndipo kumbali ya kunyanja bambowo anawonjezera mphasa. Mkatimo simunkalowa mphepo, mbalame, ngakhale ntchentche.

Apa ndiye mbewu zinakula mosiririka. Zinatalika kupitirira mwiniwake, masamba ali biriwiri, maluwa achikasu ali mbwee. Anthu anayamba kuima pamsewu kudikira zoti aone. Kenako maluwa aja anayamba kuyoyoka, limodzilimodzi, osasiya kanthu. Anafesanso, zomwezo. Anasintha dothi, anachepetsa madzi, anathira phulusa, zomwezo. A Alufandika ankatola maluwa ogwawo m'mbale, n'kukhala nawo pamasitepe atavala magalasi awo, kuwang'amba ndi chikhadabo kuti aone chimene chasowa mkatimo.

Maganizo sankawathera. Poyamba anati matimatiwo akuopa kutalika, popeza makolo awo onse anakulira pansi, ndiye anatchinga ndi makatoni kuti asamaone kumsewu. Kenako anati akusungulumwa, nawabzalira phesi la chimanga m'chigubu kuti azicheza nalo. Chimangacho chinabereka. Tsiku lina anatsika ndi nkhope ya munthu amene wapeza yankho.

"Alandilodi, ndakumbuka. Mayi akunyumba akamathirira ankawakalipira. Mwina anazolowera mawu a munthu wamkazi. Simungakwere pang'ono mudzawakalipire?"

"Ndikalipira inu pompano, iwo amvera komweko."

Anawakalipiradi, mokweza, mpaka Sadick anaimitsa njinga. Maluwa anayoyokabe.

Nsalu ija inkangochepa. Inachoka pa mpango n'kufika pa kopukutira thukuta, kenako pa chikhatho cha munthu. Mayi Fauzia ankaiona nthawi zonse ikabwera kusizasi, ndipo anayenera kukondwa, poti pangano linali pafupi kukwanira. Koma anadzipeza akunena kuti, "Apa mwadula kwambiri, bwererani pang'ono." Tsiku limene bambowo anatsika ndi kachidutswa kokwana kutseka bowo la pathumba la malaya, mtima wa mayiwo unawawa, ndipo anakwiya nawo mtimawo chifukwa sanaupemphe.

"Sizasi yabuntha," ananama.

"Musavutike, alandilodi. Palibenso podula. Ndifesa konse."

Mbewu zomalizazo zikuyamba maluwa, a Alufandika anadwala. Chifuwa chinawagwira, miyendo inatupa, ndipo kuchipatala anawapatsa mankhwala n'kuwauza kuti azipuma. Unali mwezi wa Ramazani, zovala za Idi zitaunjikana m'shopu, magetsi akungozimazima. Mmawa wina Mayi Fauzia anaitana Sadick ndi mnzake kuti anyamule makina osokera kupita nawo pamwamba.

"Kumtundaku kukuwala bwino," ankauza aliyense, ngakhale amene sanafunse.

Kunkawaladi, koma chifukwa chenicheni chinali chakuti pansi sankamva ngati bambowo akutsokomola kapena angoti zii. Anthu a pamsewu analankhula, monga achitira anthu. Mayiwo anati neti ndi yoonekera, amene ali ndi maso ayang'ane. Malo pakhondepo anali ochepa, moti makina atalowa ketulo ija inasowa pokhala. Anaiika pathebulo la makina, kumapeto, n'kuyamba kupalasa. A Alufandika ankagona pamphasa pambali pawo atafunda bulangete, akufunsa chifukwa chake ulusi wapansi ndi wapamwamba supiringizana.

Patapita masiku, mmawa wina bambowo anakuwa.

"Alandilodi, imani! Musapume n'komwe!"

Mayiwo anaganiza kuti nthawi yakwana. Koma bambowo ankaloza ketulo. Pamene panali duwa panali kanthu kobiriwira, kozungulira, kochepa ngati nandolo. Pambali pake panali kena. Bambowo anakwawa kuyendera ndowa zonse, zigubu zonse, beseni. Kwina konse maluwa anali pansi. Ketulo yokha ndiyo inagwira.

Matenda anaiwalika. Dothi linali limodzi, madzi amodzi, mbewu imodzi. Nanga ketulo yadya chiyani? Anainunkhiza, anaigogoda, anafunsa ngati mayiwo anathiramo tiyi mwakabisira. Pomaliza anati, "Tapalasani tione." Mayi Fauzia anapalasa. Thebulo linanjenjemera, ketulo inanjenjemera, ndipo timaluwa tija tinayamba kuvina. Bambowo anatchera chikhadabo pansi pa duwa limodzi. Panagwera kafumbi kachikasu, kosaoneka bwino popanda magalasi.

Anakhala pansi. Kenako anayamba kuseka, kuseka mpaka chifuwa chinawatsamwitsa, misozi ili chuchuchu.

"Amafuna kugwedezedwa! Kudimba mphepo imawagwedeza, njuchi zimawagwedeza. Ine ndinatsekera mphepo kunja, ndinatsekera njuchi kunja, n'kumawafunsa chimene akusowa. Zaka zonsezi ndawalera ngati odwala!"

"Neti ija ndinasoka ndine," anatero Mayi Fauzia pang'onopang'ono.

"Ndipo munasoka bwino zedi. Simunasiye bowo ndi limodzi lomwe."

Neti inatsika tsiku lomwelo, koma a Alufandika sanafune kudalira njuchi zimene sizinkadziwa njira ya pamwamba. Ndowa iliyonse inayamba kukhala ndi nthawi yake pamakina, mwandondomeko ngati pachigayo, zolemera Sadick akuchita kudzakweza. Idi itapita, zosoka zitatha, Mayi Fauzia ankapalasabe mmawa uliwonse, makina opanda ulusi, opanda nsalu, chigubu chili pathebulo.

"Mayi, mukusoka chiyani kumeneko?" ankafuula odutsa.

"Matimati! Mukufuna saizi yanji?"

Anagwira ndowa zonse. Ankakula tsiku ndi tsiku, mizere yawo ikuoneka, pamene mwiniwake ankachepa tsiku ndi tsiku pansi pa bulangete. Mafunso anayamba kutalikirana. Masana ena, matimati oyamba atayamba kuyezuka, bambowo anayang'ana nthawi yaitali n'kufunsa ndi mawu otsika.

"Alandilodi, kodi amayamba kufiira kunja kapena mkati?"

"Dikirani muone nokha."

Sanadikire. Sabata lomwelo anawatengera kuchipatala, ndipo sanabwerereko.

Tinene chilungamo, a Raston uthenga utawapeza anabwera ndi abale, natenga maliro kukaika ku Malengachanzi pafupi ndi Dyna. Patapita masiku anabweranso kudzathokoza eni nyumba ndi kudzaona katundu wotsala. Mayi Fauzia anawatsogolera pamwamba. A Raston atafika pakhonde anaima, chipewa chili m'manja. Ndowa zonse zinali psuu.

"Awa ndi a Dyna," anatero. Anathyola tsamba nalifikisa m'zala n'kununkhiza. "Kumudzi anatha. Atsikana anayamba a m'mapaketi, olimba khungu, oyenda bwino kumsika. Tinkati mbewu ya mlongo wathu inapita naye."

"Inali pano, ikundinyowetsera nsalu."

"Akanatiuza kuti akufuna kulima, tikanawasiyira kadimba."

"Anakuuzani ndi khasu zaka zonse zija, achimwene. Simunamve."

Mayiwo sanafune kuwonjezera, poti madzi akatayika saoleka. Anati ndowa zonse zipite kumudzi, mbumba ya Dyna ikafinye njere, popeza mbewuyo ndi yawo ndipo pangano linali loti ndowa zidzatsika. Zinatsikadi masana omwewo, anthu a pamsewu ataima phee ngati kukudutsa maliro achiwiri. Mayi Fauzia anangotsala ndi tomato mmodzi, amene anamubisa m'thumba la diresi a Raston atapenya kumbali.

Makina anabwerera pansi. Khonde analikolopa, ndipo tsopano ndi khonde chabe, ngati ena onse. Msewu wa kudoko uli momwe unalili, a kabaza akuimba mabelu, amayi akudutsa ndi mabeseni a usipa, koma munthu umayenda kuchokera kumsika mpaka kunyanja popanda wokuimitsa. Timafika msanga kumene tikupita, ndipo sitikudziwa kuti nthawi yotsalayo tichite nayo chiyani. Sadick akuti masiku ano akaona chinthu chodabwitsa panjira amangochisiya, chifukwa alibe wokamuuza.

Tomato uja Mayi Fauzia anamusunga pashelefu, pakati pa timabokosi ta mabatani, mpaka anayamba kufewa. Masana ena, m'shopu mulibe kasitomala, anamutsuka, namudula pakati ndi mpeni, nathira kamchere. Analuma.

Nkhope yonse inakwinyika. Anali wowawasa ngati bwemba wosapsa, wowawasa mpaka m'makutu. Mayiwo anadzambatuka pampando, theka lina lili m'manja, natuluka molunjika kumasitepe.

"A Alufandika! Zaka zonsezi, amphaka, mkanjo wa shehe, mawondo angawa, chifukwa cha chinthu chowawasa chonchi? Mkazi wanuyo anka..."

Phazi linali kale pasitepe yoyamba. Pamwamba chitseko chinali chotseka, loko ali lende. Anaima pamenepo kanthawi, dzanja lili pakhoma, ndipo anawasowa bambo aja kuposa mmene anawasowera tsiku la maliro. Kenako anakhala pansi pasitepe pomwepo, namaliza kudya theka linalo.